Makutu Amene Anamvera Mtima

Ngakhale mtima wa munthu wakhala ukugunda chimodzimodzi chiyambire chilengedwe, mwa mfumu ndi mwa kapolo, mwa Myao wa ku Ngauma ndi mwa Mngelezi wa ku London, mitundu ya anthu sinamvane konse za mawu amene mtimawo umatula. Ndipo wofuna kudziwa chifukwa chake ayambe wafunsa kuti womverayo anali yani, mwini mtima kodi, kapena mlendo wotchera khutu pachifuwa cha mnzake.

Angelezi ali ndi liwu lakale lakuti pit-a-pat, lopezeka m'mabuku awo kuyambira m'zaka za m'ma 1500, limene amatchulira nalonso mvula yowaza padenga ndi mapazi a kamwana kothamanga. Limeneli ndi liwu la mwini mtima, la wamantha ndi la mnyamata woona bwenzi lake likudza poteropo. Koma zoti munthu wina angamve mtima wa mnzake, anzeru a ku Ulaya anachedwa nazo ndithu. Pamene William Harvey analemba mu 1628 kuti magazi amazungulira m'thupi, nanenanso kuti kugundako kumamveka m'chifuwa monga mmene pamamvekera pakhosi pa kavalo womwa madzi, dotolo wina wa ku Venice, dzina lake Emilio Parisano, anam'seka, nati phokoso lotero kwawoko silimveka, kapena limamveka ku London kokha.

Zinthu zinatembenuka mu 1816, pamene René Laennec, dotolo wa ku Paris, pochita manyazi kuika khutu lake pachifuwa cha mayi wodwala, anapinda mapepala nawasandutsa chitoliro, mbali ina pachifuwa, ina kukhutu, namva bwino koposa kale; pambuyo pake anasema cha mtengo, nalemba buku lake mu 1819. Madotolo a ku Mangalande atazolowera chipangizochi anaona kuti liwu lakale lija silikwanira, pakuti mtima sutula mawu ofanana, koma awiri osiyana: loyamba lalitali ndi lolemera, pamene zitseko za pakati pa zipinda za mtima zitsekeka, lachiwiri lalifupi ndi lakuthwa, pamene zitsekeka za pakamwa pa mitsempha ikuluikulu. Motero kunabadwa liwu lina lakuti lub-dub, limene silidziwa mantha kapena chikondi, koma ntchito yake ndi kuphunzitsa khutu, kuti pakalowa kamphepo kachilendo pakati pa mawu awiriwo, dotolo azindikire kuti chitseko china chikudontha.

Tsono ife a kuno kumadambo a Chiuta ndi Amaramba, kumene Chiyao, Chimakua ndi Chinyanja zimakumana pamsika umodzi, makolo athu sanasowe mawu. Anali nawo ochuluka kuposa Angelezi, koma onsewo anali a mwini mtima. Wothawa njovu m'munda wa mapira ankati mtima uli thi thi thi. Woyembekeza chigamulo pabwalo, mtima uli phaphapha. Wolakalaka chinthu, mtima uli dyokodyoko. Ndipo mlandu ukatha bwino, mtima unkangoti myaa. Mawu otere, amene aphunzitsi amawatcha mvekero, David Clement Scott anawasonkhanitsa ambiri m'buku lake lomasulira Chimang'anja la mu 1892, ndipo Clement Doke anawalongosola ngati gulu lapadera mu 1935; komabe ambiri olemba kalata ndi nkhani masiku ano amawapewa ngati mawu achimidzi, chimene ine ndichiyesa kutaya chuma cha makolo popanda wolanda.

Tisanene kuti akale sanayang'anire moyo wa wina. Anauyang'anira ndi maso ndi chikhatho. Mayi aliyense ankadziwa liwombo, pofewa paja pamutu pa khanda, pamene khungu limakwera ndi kutsika motsata mtima. Ankaliona poyamwitsa, nalisisita ndi chala, ndipo likalowa m'kati ankathamangira kwa agogo kukapempha mankhwala omata pamenepo. Diso lawo silinalakwe, pakuti liwombo lolowa ndi chizindikiro choopsadi. Chimene sanachidziwe n'chakuti gwero lake ndi kutha kwa madzi m'thupi, kawirikawiri chifukwa cha kutsekula m'mimba, ndi kuti mankhwala ake ngolowera pakamwa.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Chitoliro cha Laennec chinafika m'dziko la Niassa pamodzi ndi amishoni ndi madotolo a boma la Apwitikizi. Ndipo popeza ku Mandimba malire ali pakhomo, ambiri anachiona kutsidya, m'zipatala za ku Mangochi, makamaka pa zaka za nkhondo imene inatha mu 1992, pamene mabanja osawerengeka anadutsa pa Chiponde kukabisala, ana awo nalowa sukulu za Chingelezi.

Koma chipangizo chimene chinalowa kwambiri m'moyo wa kumudzi ndi kalipenga kaja ka azamba, kamene Adolphe Pinard wa ku France anakonza mu 1895. Mayi woyembekezera akapita kusikelo, kaya ku Mitande kaya ku Namwera, mzamba amayamba wapapasa mimba kufuna kumene kuli msana wa mwana, nakhazikapo kukamwa kwa kalipengako, naika khutu, nachotsa dzanja kuti lisasokoneze, maso ali pa wotchi. Chimene amamva n'chofulumira, pakati pa 110 ndi 160 pa mphindi imodzi, pamene wamkulu wopuma amagunda pakati pa 60 ndi 100. N'chifukwa chake mzamba wochenjera amagwiranso dzanja la mayiyo, kuopa kuwerenga mtima wa make m'malo mwa wa mwana. Mayi akafunsa kuti, "Amayi, kodi zili bwanji m'menemo?" yankho silibwera m'Chingelezi kapena m'Chipwitikizi, ngakhale zolemba pakhadi zili m'zinenero zimenezo, mzamba amangoti, "Musadere nkhawa, mwana ali moyo, mtima ukugunda bwino," naitana wotsatira.