Nkhalamba Ikaiwala Njira ya Kudooko

Akale adati akulu ndi m'dambo mozimira moto. M'mbali mwa nyanja ku Salima mwambiwu unkaoneka ndi maso. Nkhalamba ndiyo inkazindikira ngati kukubwera mwera kapena mpoto ngalawa zisanachoke padooko. Ngakhale mwambo wa pachilumba cha Mbenje, womwe udayamba m'zaka za m'ma 1950 pansi pa ufumu wa Makanjira, wotseka usodzi kuyambira Disembala mpaka Epulo kuti nsomba ziswane, udasungika makamaka m'mitu ya akuluakulu.

Nanga dambolo likayamba kuuma? Zinkachitika ndithu kuti gogo amene adaphunzitsa mudzi wonse kusoka ukonde ayambe kuiwala maina a ana ake, kuitana malemu, kapena kudandaula kuti sanadye pamene wangosamba m'manja kumene. Anthu ankati wabwerera kuumwana. Mankhwala padalibe, koma mbumba idalipo. Mdzukulu ankagona m'nyumba mwa gogoyo, kumuwotchera mbatata, ndi kumutsatira akalunjika kunyanja. Mnansi akamupeza akuyendayenda ankamugwira dzanja n'kumubweza kwawo.

Mbiriyi ili ndi mbali yochititsa manyazi. Nkhalamba yosokera usiku, ikapezeka pakhomo pa eni m'bandakucha ikulankhula zosamveka, ena ankaitcha mfiti yomwe yagwa paulendo. Lamulo la 1911 lidaletsa kunenera munthu ufiti, koma mchitidwewu sudathe. Mu Januwale 2016, ku Neno, anthu adapha okalamba anayi powaganizira kuti adatumiza mphezi yomwe idapha mtsikana wina. Nkhanza zotere ndi zina mwa zomwe zidachititsa Nyumba ya Malamulo kuvomereza lamulo loteteza okalamba mu 2024.

Chonsecho madokotala adalidziwa kale vutoli. Mu 1906 dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adafotokoza za mayi wina woiwalaiwala amene ubongo wake udapezeka utaonongeka. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidati mu 2021 anthu 57 miliyoni adali ndi matenda oterewa. Choncho gogo wosokera usiku uja ndi wodwala wofunika chisamaliro.

Masiku ano mbumba idabalalika: wina ku Lilongwe, wina ku Johannesburg. Foni yam'manja, yomwe idafika m'Malawi cha m'ma 1995, yatenga gawo la ntchito yakale ija. Airtel Money idayamba mu 2012 ndipo TNM Mpamba mu 2013. Mwana wakutali adayamba kutumiza ya sopo ndi ya ufa tsiku lomwelo. Pali mapulogalamu a pafoni okumbutsa nthawi yomwera mankhwala, osunga zithunzi za abale pamodzi ndi maina awo, ndi oonetsa pamene munthu wosokera wafika. Pa WhatsApp abale amagawana masiku osamalira wodwala, kuti mtolo usalemere mayi mmodzi yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Komabe foni silawa phala ngati lazizira, ndipo siyenda kudooko usiku kukafuna gogo. Imathandiza wosamalira, koma wosamalirayo ayenera kukhalapo. Mdzukulu wanzeru aigwiritsenso ntchito ina: ajambule mawu a agogo ake adakali okumbukira, maina a mphepo, malo a utaka, mzere wa makolo. Tsiku lina gogoyo akadzafunsa kuti, "Kodi inu ndinu yani?", mdzukuluyo adzamuyankha mwaulemu, kenaka n'kumumvetsera mawu ake omwe.