Alonda a Tulo a ku Chicago

Kwa zaka mazanamazana anthu ophunzira ankayesa tulo mbale wake wa imfa, poganiza kuti munthu akangotseka zikope ubongo wake umazima monga moto wothiridwa madzi. Ndipo chifukwa cha ichi sanali ambiri asing'anga amene anachiyesa chanzeru kuchezera usiku wonse pambali pa munthu wogona, amene sadwala ndiponso sabuula.

Amene anaipatsa ulemu ntchito yonyozekayi ndi Nathaniel Kleitman, wobadwira ku Kishinev m'chaka cha 1895, amene m'chaka cha 1925 anapatula chipinda chofufuziramo za tulo pa yunivesite ya Chicago. Pofuna kudziwa ngati thupi limamvera dzuwa kapena lili ndi wotchi yakeyake, m'chaka cha 1938 iye pamodzi ndi wophunzira wake Bruce Richardson anatsikira m'phanga la Mammoth Cave ku Kentucky, kumene kulibe m'bandakucha kapena chisisira, nakhalamo masiku 32, akuyesa kutalikitsa tsiku kuti likhale la maola 28. Mnyamatayo anazolowera, koma thupi la mphunzitsi wake, amene anali ndi zaka 43, linakana kwamtuwagalu, nkumangofunda ndi kuzizira pa nthawi zake zakale, ngati kuti likumva tambala wa kunja.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Kumapeto kwa chaka cha 1951 wophunzira wina wa Kleitman, dzina lake Eugene Aserinsky, anagoneka mwana wake wa zaka 8 m'chipinda muja, atamumata timawaya pamutu ndi m'mbali mwa maso, iye nakhala tcheru poyang'ana zolembera za makina zikukanda pepala. Pakati pa usiku zolemberazo zinayamba kuvina monga zimachitira munthu akakhala maso. Koma bamboyo atapita kukasuzumira, anapeza mwana ali m'tulo tofa nato, maso okha akuthamangathamanga pansi pa zikope. Pamene anayamba kudzutsa anthu ena pa nthawi yotereyi, ambiri a iwo anati anali pakati pa maloto, ndipo m'chaka cha 1953 Aserinsky ndi Kleitman anabukitsa nkhaniyi m'magazini ya Science.

Kuchokera pamenepo kunadziwika kuti tulo tili ndi zigawo zosinthana pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndi kuti usiku ndi pamene ubongo umatutira m'nkhokwe zimene waphunzira usana, thupi nkumakonza mogumuka mwake. Amene amadzimana tulo kwa zaka zambiri, nthenda ya shuga ndi kuthamanga kwa magazi zimamupeza msanga.

Kleitman anamwalira m'chaka cha 1999 ali ndi zaka 104, atachezera mausiku osawerengeka kuti ife tidziwe mtengo wa usiku umodzi. Chotero, inu owerenga, musamutche waulesi munthu wamkulu wogona maola 7 kapena 8, ndipo mwana akagona musamudzutse popanda chifukwa.