Mbiri ya Mau Obvuta mu Kuwerenga Koyamba

Aphunzitsi ambiri a giredi 1 ndi 2 amadziwa mwambo wolemba mau pa makadi, kuwaonetsa kwa ana ndi kuwauza kuti awaloweze monga mmene amalowezera nkhope ya munthu. Mwambo umenewu unabadwira m'Cingerezi, ndipo tiyenera kuyamba ndi kumene unacokera tisanaweruze ngati ungathandize mwana wowerenga Cinyanja.

M'caka ca 1936, Edward Dolch wa ku yunivesiti ya Illinois ku America anafalitsa mndandanda wa mau 220 amene anali kupezeka kawirikawiri m'mabuku a ana. Maina a zinthu anawapatula nawaika pa mndandanda wina wa mau 95. Iye anafuna kuti mwana azizindikira mau amenewa pongowaona, osayamba waphatikiza malembo. Cifukwa cake n'cosabisika kwa yense wodziwa kalembedwe ka Cingerezi: mau monga said, was ndi one salembedwa monga mmene amamvekera, komabe mwana amakumana nao pafupifupi pa tsamba lililonse. Edward Fry anatsatira ndi mndandanda wace, umene pambuyo pace unafika pa mau 1,000.

Njira yophunzitsa ana mau onse mwa kuona ndi kuchula inalipo kale Dolch asanafalitse mndandanda wace, ndipo inafala kwambiri. Rudolf Flesch anaidzudzula kolimba m'caka ca 1955, ndipo Jeanne Chall, atapenda kafukufuku wa zaka zambiri, anaonetsa mu 1967 kuti ana oyamba ndi malembo ndi mamvekedwe ace amapita patsogolo msanga. Ku England, dongosolo la Letters and Sounds la mu 2007 linasunga mau obvutawo koma linasintha kaphunzitsidwe kace: mwana awerenge mbali ya liu imene imatsata lamulo, naloweze mbali yokhayo yosokoneza. Mu said, malembo s ndi d alibe mlandu; pobvuta ndi pakati pokha.

Kuno ku Zambia njira ya kuona ndi kuchula inazika mizu pamene Cingerezi cinakhala cinenero cophunzitsira kuyambira giredi 1 m'caka ca 1966, ndipo mabuku a Zambia Primary Course anaitsata. Mphunzitsi wozolowera makadi m'mawa sanali kuwasiya pofika phunziro la Cinyanja, ngakhale kuti makolo athu m'masukulu a mishoni anaphunzira ndi a e i o u, kenaka ba be bi bo bu. Kafukufuku wa Eddie Williams wa mu 1993 anapeza kuti ana a ku Malawi, amene anayamba ndi Cicewa, anali kuwerenga cinenero cao bwino kuposa anzao a ku Zambia, pamene pa Cingerezi panalibe kusiyana kwakukulu. Mfundo za Educating Our Future za mu 1996 zinabwezera kuwerenga koyamba ku zinenero zathu, ndipo Primary Reading Programme inayamba mu 1999. Komabe mbali yace ya giredi 1, New Breakthrough to Literacy, inadalirabe makadi a mau athunthu opangira ziganizo, kufikira Primary Literacy Programme inaika malembo ndi maphatikizo patsogolo kuyambira mu 2014.

Ife tiona kuti Cinyanja cilibe said wace. Mau opezeka kawirikawiri monga ndi, kuti, koma ndi ngati amawerengeka mwa kuphatikiza. Obvuta alipo ndithu, koma kubvuta kwao n'kwa mtundu wina. Mwana amapunthwa pa malembo ounjikana a mu nkhuku, mphunzitsi ndi mtsikana; amasokoneza ng wa mu ngati ndi ng' wa mu ng'ombe; amaiwala h amene amasiyanitsa pala ndi phala. Zonsezi zili ndi lamulo, ndipo lamulo limodzi lophunzitsidwa bwino limatsegula mau ambirimbiri. Palinso mneni, umene sungalowe pa khadi: ndani angalembe makadi a ndinamuona, sindinamuone, tikadzamuona ndi abale ao onse? Kumene kalembedwe kathu kamamusiyadi mwana yekha ndi pa kukwera ndi kutsika kwa liu, pakuti mtengo wa m'chire ndi mtengo wa pa msika zilembedwa cimodzimodzi, ndipo ciganizo ndico cimamuuza.

Pali kubvuta kwina kumene Dolch sakanakuganizira. Mwana wa ku Lusaka amene kwao amati manzi ndi manje amapeza m'buku madzi ndi tsopano. Angathe kuphatikiza malembo onse molondola, koma liu limene latuluka pakamwa pace n'lacilendo, ndipo amayang'ana mphunzitsi mokaikira ngati walakwa. Mau otere ayenera kuyamba amveka m'nthano ndi m'kuceza kwa m'kalasi asanaoneke pa bolodi. Mndandanda umene aphunzitsi a m'matauni akusowa ndi wa mau a m'buku amene ana ao sawalankhula kunyumba, ndipo udzakhala wosiyana ku Matero ndi ku Katete.