Eleanor Lambert ndi Nchito Yobukitsa Mbiri ya Zobvala

Cobvala ciri conse ciri ndi amisiri ace odziwika: woomba nsaru, wolinganiza maonekedwe ace, wodula ndi sizasi, ndi wosoka pa makina. Koma m'maiko a malonda akuru muli mmisiri winanso amene sakhudza singano konse. Nchito yace ndiyo kucititsa kuti anthu alankhule za cobvalaco ndi kucikhumba asanacione ndi maso. Nchito imeneyi, yobukitsa mbiri, isiyana ndi kulengeza malonda. Wolengeza agula malo m'nyuzipepala natama katundu wace ndi pakamwa pace, ndipo owerenga adziwa kuti mauwo ngolipiridwa. Wobukitsa mbiri sagula malo iai. Iye akonza zinthu mwa njira yakuti olemba nyuzi alembe okha, monga nkhani. Mwa onse amene anagwira nchitoyi pa zobvala, wochuka koposa ndiye mai wina wa ku America, dzina lace Eleanor Lambert.

Kufikira caka ca 1940 mfumu ya mabvalidwe a akazi inali mzinda wa Paris. Ufumuwo unalimba m'masiku a Charles Frederick Worth, Mngelezi amene anatsegula nyumba yace yosokera madiresi ku Paris m'caka ca 1858, nasokerera dzina lace m'kati mwa zobvala zimene anapanga. Kawiri pa caka ogulira sitoro zazikuru za ku America, pamodzi ndi akonzi a magazini monga Vogue ndi Harper's Bazaar, anali kukwera zombo kuoloka nyanja ya Atlantic kukaona cimene Paris yalamula. Anali kugula madiresi owerengeka pa mtengo waukuru, nabwera nao kwao, kumene anali kuwamasula msoko ndi kusoka ena zikwizikwi ofanana nao. Akathyali ena anali kusokereramo ndi maina abodza a nyumba za ku Paris, podziwa kuti dzinalo ndilo limene mkazi anali kulipira.

Si kuti ku New York kunalibe amisiri. M'dera la mseu wochedwa Seventh Avenue munali mafakitale osawerengeka, ndipo osoka ace ambiri anali akazi, Ayuda ocokera kum'mawa kwa Europe ndi anthu a ku Italy. Anthuwa anali ataona zowawa. M'caka ca 1911 moto unapha anchito 146 m'fakitale ya Triangle, ndipo zitapita izi bungwe lao, International Ladies' Garment Workers' Union, linakula mphamvu. Koma wolinganiza madiresi m'mafakitalewo anali munthu wa m'cipinda ca kuseri. Kansaru ka pa khosi la diresi kanali kuchula sitoro kapena mwini fakitale, osati iye. Dorothy Shaver wa ku sitoro ya Lord & Taylor anayesa kuchula amisiri a ku America ndi maina ao kuyambira 1932, koma anzace omtsata anali ocepa.

Mwezi wa June 1940 asilikari a Germany analowa m'Paris. Nyumba zambiri za madiresi sizinatsekedwe, ndipo mtsogoleri wao, Lucien Lelong, anakana zakuti nchitoyo isamukire ku Berlin ndi ku Vienna. Komabe njira ya ku America inadulidwa. Ku Seventh Avenue anasowa cotsanzira. Akuru anati wamva m'mimba ndiye atsekula citseko, ndipo amene anayamba kudzuka ndiwo anchito, pakuti madiresi akaleka kugulidwa woyamba kugona ndi njala ndi wosoka. Bungwe lao linapangana ndi eni mafakitale, ndipo m'caka ca 1941 anakhazika New York Dress Institute, nasonkha ndarama zotamira madiresi a mu mzinda wao. Anapanga kansaru kolembedwa New York Creation, nalemba nchito kampani yaikuru yolengeza malonda, J. Walter Thompson.

Kampaniyo inacita monga inazolowera. Inagula malo m'nyuzi, niyamba kucititsa manyazi mkazi wokhala ndi diresi limodzi lokha. Mau otere pa nthawi ya nkhondo anaoneka acipongwe, ndipo eni sitoro zolemekezeka, mmodzi wa iwo Dorothy Shaver, ananyansidwa nao. Iwo ndiwo analangiza kuti nchitoyo ipatsidwe kwa Eleanor Lambert.

Maiyu anabadwa m'caka ca 1903 m'tauni yaing'ono ya Crawfordsville, m'cigawo ca Indiana. Anafuna kukhala wosema zifanizo, koma atafika ku New York mu 1925 anapeza cakudya cace m'kubukitsa mbiri ya osema ndi ojambula anzace, ndipo anagwirako nchito yotere ku Whitney Museum. Kumeneko anaphunzira kuti ogula cithunzi agula dzina la wocijambula. Mwamuna wace, Seymour Berkson, anali mkuru m'makampani a nyuzi a Hearst, kotero kuti njala ya akonzi a nyuzi anaidziwa bwino lomwe: tsamba liyenera kudzala tsiku ndi tsiku, nkhani ikhalepo kapena isakhalepo.

Uphungu wace kwa Dress Institute unali wapafupi. Sikutheka kutama mafakitale onse pamodzi. Asankhe amisiri owerengeka oposa anzao, awatulutse m'cipinda ca kuseri, ndipo dziko lidziwe nkhope zao ndi maina ao monga linadziwira a ku Paris. Enawo adzapindula poyenda m'mapazi mwao. M'caka ca 1943 anayambitsa sabata imene anaicha Press Week, ndiko kuti sabata ya olemba nyuzi. Anaitana akonzi a masamba a akazi kucokera m'mizinda yonse ya America, ndipo Dress Institute inawalipirira ulendo. Ambiri a iwo sanapondepo ku Paris, ndipo panalibe mmisiri anawaitanapo kale lonse. Tsopano anakhala pa mipando ya ulemu m'mahotela akuru, namaona madiresi a nyengo irinkudza akuyenda pamaso pao, woonetsa wina atatha wina. Ogulira sitoro sanaitanidwe; sabatayo inali ya olemba okha. Pobwerera mkonzi ali yense ananyamula zithunzi ndi mau olembedwa kale, okwanira kudzaza tsamba lace kwa miyezi. Motero mkazi wa m'tauni yakutali anali kuwerenga za mmisiri wa ku New York m'nyuzi ya kwao, m'mau a mkonzi amene anamkhulupirira, ndipo m'mawa mwace anali kukafunsa diresilo ku sitoro.

Wina akhoza kufunsa ngati mlendo amene wamlipirira sitima ndi kumdyetsa angalembe zoipa za mwini nyumba. Funsolo nlolungama, ndipo nchito yonse yobukitsa mbiri ikhala pa malire amenewo a ubwenzi ndi ciphuphu. Cimene cinapulumutsa Press Week ndi cakuti katunduyo analidi wabwino. Lamulo la Boma la 1942, lochedwa L-85, linacepetsa nsaru yololedwa pa cobvala cimodzi, linaika malire pa utali wa siketi ndi pa matumba, ndipo amisiri a ku America anadziwa kupanga cokongola ndi nsaru yocepa. Claire McCardell anapanga diresi lochedwa Popover, la nsaru yolimba ya denimu, lakuti mkazi aphike nalo ndi kulandira nalo alendo, mtengo wace madola 6.95. Paris sikanaganiza cobvala cotere.

Lambert anali ndi misampha inanso iwiri. Woyamba unali mndandanda wa akazi obvala bwino koposa, umene kale unali kucokera ku Paris. Iye anautenga m'caka ca 1940, namatumiza mapepala a cisankho kwa akonzi ndi amisiri, ndi kupereka maina opambana kwa anyuzi caka ndi caka. Panalibe nyuzi yokana nkhani yotere, pakuti muli maina a anthu acuma ndi nsanje yao. Anthu ena ananong'oneza kuti akazi obvala zosokedwa ndi amisiri amene iye anawaimira sanali kusowa pa mndandandapo. Waciwiri unali mphotho. Kampani ya mafuta onunkhira ya Coty inafuna ulemu, amisiri anafuna kudziwika, ndipo iye anawalumikiza. Mphotho yaikuru yoyamba ya Coty inapita kwa Norman Norell m'caka ca 1943.

Nkhondo itatha, Paris inaonetsa kuti sinafe. Pa 12 February 1947 Christian Dior anaonetsa madiresi a m'cuuno mwaung'ono ndi masiketi aatali odya mayadi ambirimbiri a nsaru, ndipo zombo zinadzalanso ndi ogula a ku America. Seventh Avenue inabwerera ku kutsanzira. Lambert sanagwe mphwayi. Mu 1948 anayambitsa phwando losonkhera ndarama nyumba yosungira zobvala zakale ya Metropolitan Museum, tikiti yace madola 50, ndipo phwandolo ndilo linadzachuka ndi dzina lakuti Met Gala. Mu 1959 anatengera cionetsero ca zobvala za ku America ku Moscow, ndipo mu 1962 anasonkhanitsa amisiriwo m'bungwe lao lao, Council of Fashion Designers of America.

Tsiku lace lalikuru linafika pa 28 November 1973. Nyumba yacifumu ya Versailles, pafupi ndi Paris, inafunika kukonzedwa, ndipo iye anapangana ndi woisunga, Gérald Van der Kemp, kuti acite cionetsero cosonkhera ndarama. Anaika amisiri asanu a ku France, ndiwo Yves Saint Laurent, Pierre Cardin, Emanuel Ungaro, Hubert de Givenchy ndi Marc Bohan wa nyumba ya Dior, pamodzi ndi asanu a ku America: Bill Blass, Halston, Anne Klein, Oscar de la Renta ndi Stephen Burrows, mnyamata wakuda. Ucenjeri wace unali m'kuwerengako. Kungoima asanu kwa asanu pa bwalo limodzi kunali kunena kuti alingana, diresi lisanaoneke ndi limodzi lomwe. A ku France anatha maora oposa awiri, ali ndi gulu la oimba, ndi zokongoletsa zolemera monga roketi ndi gareta yooneka ngati dzungu. A ku America anapeza kuti nsaru zao zokongoletsera bwalo zinayesedwa molakwa, nasewera pa bwalo losakongoletsedwa kwa nthawi yongopitirira pang'ono theka la ora. Mwa akazi 36 oonetsa zobvala zao, 10 anali akuda, monga Pat Cleveland, Bethann Hardison ndi Billie Blair, ndipo iwowa anayenda mobvina kotero kuti nsaru zinaoneka zamoyo. Alendo, amene anali ngati 700, anaimirira, napfuula, naponya m'mwamba mapepala a ndondomeko. Anyuzi anaucha usikuwo nkhondo ya ku Versailles, ndipo kuyambira pomwepo Paris sinathenso kunena kuti America ingodziwa kutsanzira.

Maina amene Lambert anabukitsa anasanduka cuma ca iwo okha. Dzina la Halston kapena la Bill Blass linali kugulitsa mafuta onunkhira, nsaru za pa kama ndi zina zimene mwini dzinalo sanasoke. Koma dzina likakhala ndi mphamvu yotere, kumene diresi lasokedwera sikufunsidwanso. Eni malonda anasamutsira makina ao kum'mwera kwa America kumene malipiro anali otsika, ndipo pambuyo pace ku Asia ndi ku maiko ena, kansaru ka dzina kali komweko pa khosi. Osoka a ku Seventh Avenue, amene bungwe lao linayambitsa nchito yonseyi mu 1941 kuti makina ao asaleke kulira, sanachulidwe pa mndandanda uli wonse. Mu 1975 bungwelo linabwerera ku njira yakale yogula malo, nilipira nyimbo pa televizhoni yopempha anthu kuti ayang'ane cizindikiro ca bungwe asanagule cobvala. Nchito zinangocepabe, ndipo mu 1995 linaphatikana ndi bungwe lina, dzina lace nilitha.

Eleanor Lambert anagwirabe nchito kufikira 2002, pamene anatseka ofesi yace napereka mndandanda wa obvala bwino kwa akonzi anai a magazini ya Vanity Fair. Anamwalira ku New York pa 7 October 2003, ali ndi zaka 100.