Mwini wa Lusaka Ndani? Ulendo wa Tsiku Limodzi Kucokera ku Chanyanya Kukafika ku Chongwe

Ana a sukulu a m'boma la Kafue akapita ku Lusaka kukaona malo a mbiri yakale, njira yao imadziwika kale. Basi imaima pa ciboliboli ca Freedom Statue, anawo amalowa mu Lusaka National Museum, amapita ku Chilenje House 394, ndipo nthawi ikalola amakaona manda a atsogoleri ku Embassy Park. Malo onsewa ndi ofunika, koma palibe ngakhale amodzi amene analipo caka ca 1935 cisanafike. Mwana amabwerera kwao akuganiza kuti mbiri ya dera lino inayamba ndi azungu n'kuthera pa Kaunda. Ulendo womwewo ukayambira padooko la ku Chanyanya n'kukathera kunyumba yacifumu ya Asoli ku Chongwe, nkhani imene mwana amamva imakhala ina.

Chanyanya ali kumadzulo kwa tauni ya Kafue, m'mphepete mwa dambo lalikulu la Kafue Flats, lomwe kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 6,500. Anthu akale odziwika padamboli ndi Abatwa, amene ankakhala pakati pa madzi n'kumadalira nsomba. Kumtunda kunali Aila, Atonga, Asala ndi Asoli, ena ndi ng'ombe, ena ndi minda. Pambuyo pake kunabwera asodzi ocokera ku Luapula, kwa Alozi ndi kum'mawa. Kale madzi ankasefukira ndi kuphwa motsatira mvula. Kucokera pamene anamanga damu la Kafue Gorge mu 1971 ndi la Itezhi-Tezhi mu 1977, madziwo amatsegulidwa motsatira kufunika kwa magetsi. Kuwonjezera apo, gawo lalikulu la madzi akumwa a mu Lusaka limapopedwa mumtsinje womwewu, pa Iolanda. Conco mwana wa msodzi akamalowa mumzinda asadziyese wocokera kuchire, pakuti madzi a m'mipopi ndi magetsi a m'masitolo zimacokera mumtsinje umene atate ake amaponyamo ukonde.

Malo oyamba kuimapo ndi ulalo wa njanji wa ku Kafue. Unamangidwa mu 1906 ndi kampani ya George Pauling. Uli ndi zigawo 13, kutalika kwake ndi mamita 427, ndipo panthawiyo unali wautali kuposa maulalo onse a Rhodesia Railways. Njanjiyo inkathamangira mgodi wa mtovu ndi zinki wa ku Broken Hill, kumene lero timati ku Kabwe, ndi mkuwa wa ku Katanga. Sitima za malasha zinkafuna madzi pafupipafupi, conco omanga njanji ankaika poimira pa mtunda wa makilomita pafupifupi 32 alionse. Mu 1905, njanji itayalidwa kutsidya la kumpoto ulalo usanathe, malo amodzi otere anapatsidwa dzina la nyakwawa ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Olemba ena amati anali Mlenje, ena amati anali Msoli. Cimene onse amagwirizana n'cakuti panali mudzi, panali minda, panalinso manda. Dzina lakuti Manda Hill, kumene kuli nyumba ya malamulo, limacitira umboni zimenezi.

Makolo amati mlendo ndi mame, koma mlendo wa 1905 sanakamuke. Alimi aciBunu ndi amalonda anakhazikika pafupi ndi sitesheni, ndipo mu 1913 anakhazikitsa komiti yoyendetsa mudzi wao. N'cifukwa cake mzindawu unakondwerera zaka 100 mu 2013, ngati kuti anthu anayamba kukhalapo tsiku limene komitiyo inakhala pansi. Mu 1924 boma la Britain linatenga ulamuliro kucokera ku kampani ya British South Africa. Mu 1928 linakhazikitsa lamulo logawa dziko pawiri: malo a Mfumu ya ku England ndi malo osungirako eni dziko. Nthaka yabwino ya m'mbali mwa njanji inagwera kugawo loyambalo, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kuti mafamu apeze malo. Aliyense woyenda mumseu wa Kafue kudzera ku Chilanga, makilomita pafupifupi 45 kukafika mu Lusaka, amadutsa m'malo amene anagawidwa motero.

Boma la atsamunda litaganiza zocotsa likulu ku Livingstone, katswiri wokonza mizinda Stanley Adshead anabwera kudzaona malo, ndipo mu 1931 Lusaka anasankhidwa. Likulu linasamuka mu 1935. Pulani yake inali ya miseu yotakata ndi nyumba za mabwalo aakulu ku Ridgeway, koma munthu wakuda ankawerengedwa ngati wanchito wongodutsa, amene mkazi ndi ana ake ayenera kutsala kumudzi. Lamulo lokakamiza makhonsolo kumangira mabanja a anthu akuda nyumba linabwera mu 1948, ndipo makomboni ngati Chilenje ndi Matero anakula pambuyo pake.

Apa m'pamene Chilenje House 394 imalowa m'nkhani. A Kenneth Kaunda anakhala m'kanyumbako kucokera mu 1960 mpaka 1962, zaka za cipani ca UNIP ndi cipolowe ca Cha Cha Cha ca mu 1961. Kanyumbako n'kakang'ono, ndipo mwana akakayerekeza ndi State House amaona yekha mmene mzinda unagawidwira. Freedom Statue, yomwe ili mumseu wa Independence Avenue, inaimikidwa mu 1974 pokumbukira zaka 10 za ufulu. Anaiumba ndi James Butler wa ku Britain, ndipo munthu wodula unyoloyo amadziwika kuti ndi Zanco Mpundu Mutembo. Ana ambiri amaidziwa asanaione, cifukwa cithunzi cake cakhala pa ndalama za kwacha kwa zaka zambiri.

Ciboliboli cimenecho cimanena za unyolo umene unaduka pa 24 Okutobala 1964. Za nthaka sicinenapo kanthu. Ufulu utabwera, malo a Mfumu ya ku England anangosinthidwa dzina n'kukhala malo a boma, ndipo midzi imene inasamutsidwa sinabwerere. Mu 1975 boma la UNIP linathetsa umwini wamuyaya wa malo n'kuusandutsa lendi. Lamulo la malo la 1995 linasunga mfundo yakuti nthaka yonse ili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, koma linalolanso kuti malo a mafumu asandutsidwe a pepala, a lendi ya zaka 99, ngati mfumu ndi khonsolo avomereza. Malo akatuluka m'manja mwa mfumu mwa njira imeneyi, kubwerera n'kovuta. Mzinda ukamakula cakum'mawa ndi cakum'mwera, malo amene umadya ndi a midzi.

N'cifukwa cake ulendowu uyenera kupitirira makilomita ena pafupifupi 45 mumseu wa Great East kukafika ku Chongwe, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Ufumu wao umakhudza Chongwe, Lusaka, Chilanga ndi mbali za Kafue, ndipo akhala pampando zaka zoposa 40. Mafumu ena a Asoli ndi Bunda Bunda, Mpanshya ndi Shikabeta. Dzina lakuti Mukamambo analitenga kwa mfumukazi ya m'zaka za m'ma 1800, imene Asoli amasimba kuti inali ndi mphamvu zobisa anthu ake pamaso pa adani. Kwa mfumu sikupitidwa ngati kumsika. Mphunzitsi amayamba watumiza mau kudzera mwa nduna, atsikana amavala citenje, onse amagwada ndi kuomba m'manja, ndipo sapita cimanjamanja. Mwana amene m'mawa anajambulitsa atakweza nkhonya pa ciboliboli, masana amagwada pabwalo la mfumu. Maulamuliro awiriwa akhala akuyendera limodzi m'dziko lino kucokera mu 1964, nthawi zina mogwirizana, nthawi zina mokokana.

Mu Okutobala, mwezi womwe timakumbukira ufulu, Asoli amacita mwambo wa Chakwela Makumbi, kutanthauza kukoka mitambo. Mfumu imapempha mvula kwa Mulungu kudzera mwa makolo, kenaka imatentha tsala, kulima ndi kubzala mbeu zoyamba. Mwambowu umasonyeza pamene pagona ulemu wa mfumu: pa mvula, pa mbeu ndi pa nthaka. A Nkomeshya akhala akulankhula poyera kwa zaka zambiri motsutsa kukulitsa malire a Lusaka m'malo a Asoli.

Komabe mbiri ya mafumu nayo siyoyera mbee. Ca m'ma 1930 atsamunda anakhazikitsa ulamuliro wodzera mwa mafumu, ndi makhoti ao ndi akapaso ao, ndipo mafumu anakhala mbali ya makina osonkhetsa msonkho. Lero, m'madera ambiri a Zambia, anthu a m'midzi amadandaula kuti minda ndi madambo odyetserako ziweto zimaperekedwa kwa amalonda iwo osafunsidwa, cidindo ca mfumu kapena ca nyakwawa cili papepala. Ana apite kunyumba yacifumu ndi ulemu wonse, koma apitenso ndi mafunso, monga momwe amapitira nao ku nyumba ya malamulo.

Ife olemba ndi kuwerenga Cinyanja tilinso m'nkhaniyi. Cinenero cathu cinafika mu Lusaka ndi apolisi, asilikali ndi anchito ocokera kum'mawa ndi ku Nyasaland. Lero cili pakati pa zinenero 7 zimene boma linasankha, pamodzi ndi Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale, ndipo cimaphunzitsidwa m'masukulu a cigawo ca Lusaka. Cisoli, comwe ndi cibale ca Cilenje ndi Citonga, palibepo. Mwana wa Cisoli ku Chongwe amaphunzira kuwerenga m'cinenero ca alendo pa nthaka ya agogo ake. Ife aphunzitsi a m'tauni tingathe kucitapo kanthu kakang'ono: kuphunzitsa ana moni wa Cisoli basi isananyamuke, ndi kuwauza eni ake a maina amene amawerenga pa zikwangwani.

Nchito yeniyeni ya ulendowu imayamba ana akabwerera ku Chanyanya. Aliyense akafunse agogo ake kapena nyakwawa mafunso atatu. Banja lathu linafika liti kuno, ndipo linacokera kuti? Malo amene tikulima ndi kumangapo anatipatsa ndani? Kodi ali ndi pepala, kapena ali m'buku la mudzi? Mayankho alembedwe ndi kusungidwa kusukulu, pamodzi ndi dzina la wosimba ndi caka cimene anasimba, kuti tsiku limene oyeza malo adzafike ndi zikhomo zao, mudzi udzakhale ndi colozapo.