Jakisoni ndi Mbale ya Nsima m'Minda ya Tiyi

Lamulungu lina, Misa itatha, mayi wina wothyola tiyi pa esiteti ina ku Thyolo anandiimitsa pakhomo pa tchalitchi. Anafuna kudziŵa kumene angapeze chipatala cholipira chimene chimabaya jakisoni wa mavitamini kapena kuika diripi, popeza thupi lake linali lolefuka chiyambire mvula. Ndalama anali atapatula kale pa malipiro a mwezi umenewo. Funso lakelo silinandidabwitse, pakuti chikhulupiriro chathu pa singano ya dokotala chili ndi mbiri yake, ndipo sichinabadwe ndi umbuli ayi.

Pamene minda ya tiyi inkafalikira m'mapiri a Thyolo, monga wa Satemwa umene Maclean Kay anayamba mu 1923, antchito ambiri anali Alomwe ochokera ku Mozambique, okhala pa malo a azungu mwa thangata. Akadwala ankapita ku kachipatala ka pa esiteti kapena ku mishoni. Ku Malamulo, kumene a Seventh-day Adventist anakhazikika mu 1902, kunatsegulidwa mudzi wa akhate m'zaka za m'ma 1920, ndipo mankhwala a khate a masiku amenewo anali mafuta a mtengo wa chaulmoogra, obaya m'thupi, oŵaŵa koopsa. Nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse itatha kunafika penisilini. Munthu amene abale anali atamutaya kale chifukwa cha chibayo ankabayidwa, ndipo patapita masiku oŵerengeka ankapempha nsima. Makolo athu anaona zimenezi ndi maso awo. Ndani akanawadzudzula poganiza kuti mankhwala enieni ndiwo oloŵera pa singano? Nayo diripi inadzipezera ulemu mwa chilungamo. Thomas Latta anayamba kuthira madzi a mchere m'mitsempha ya odwala kolera ku Scotland mu 1832, ndipo botolo lomwelo linapulumutsa anthu ochuluka pa mliri wa kolera umene unagwa m'Malaŵi mu 2022 ndi 2023.

Koma mbiri ya mavitamini m'dziko muno inadzera njira ina, ndipo njira yake inali ya kumphika. Mu 1912, chaka chimene Casimir Funk anapeka dzina loti vitamini, Dokotala Hugh Stannus analemba za nthenda imene anaipeza pakati pa akaidi a ndende ya ku Zomba. Khungu linkada ndi kusupuka paliponse pamene dzuŵa limaomba, m'mimba munkatseguka, ndipo ena mutu unkasokonezeka. Nthendayo ndi pelagra. Mu 1937 zinadziŵika kuti gwero lake ndi kusoŵa kwa vitamini wotchedwa niacin, amene thupi silimupeza wokwanira m'chimanga ngati palibe ndiwo zabwino.

Ena mwa inu, aŵerengi okondedwa, mukukumbukira abale athu othaŵa nkhondo ya ku Mozambique amene tinakhala nawo kuno kumwera. Mu 1990 mtedza unasoŵa pa chakudya chimene ankagaŵiridwa, ndipo m'miyezi yoŵerengeka anthu oposa 18,000 anadwala pelagra. Chimene chinathetsa mliriwo ndi mapiritsi otsika mtengo, kubwerera kwa mtedza, ndi ufa wothiridwa mavitamini. Nkhani imeneyi imandifikira pamtima, chifukwa mbale ya othaŵa kwawo aja siisiyana kwambiri ndi mbale ya m'nyumba zambiri za pa esiteti m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale. Nthaŵi imeneyo tiyi amaphuka kwambiri, wothyola amalaŵirira mbandakucha ndi dengu kumsana, naŵeruka dzuŵa litapendeka, pamene m'nkhokwe mulibe kanthu ndipo nandolo anagulitsidwa kalekale. Timanyozanso mgaiwa pokonda ufa woyera, umene zabwino zake zambiri zinatsalira m'madeya.

Sindikunena kuti jakisoni wa vitamini alibe ntchito. Mwana wongobadwa amabayidwa vitamini K kuti asataye magazi, ndipo munthu amene matumbo ake satenga vitamini B12 amafunika kubayidwa ndithu. Koma ameneŵa amawasankha ndi dokotala atawayeza. Kwa munthu wongotopa, mavitamini B ndi C opitirira muyeso amatuluka ndi mkodzo, ndalama yake nkupita nawo limodzi. Choopsa chachikulu nchakuti kulefuka kumene diripi yakuphimba kwa masiku aŵiri kungakhale malungo, kuchepa kwa magazi, shuga, chifuwa chachikulu kapena HIV. Anthu a ku Thyolo akudziŵa bwino kuti pamene Edzi inali kutha anthu m'midzi ndi m'maesiteti, chimene chinadzutsa odwala pa mphasa chinali piritsi lomeza ndi madzi, kuyambira 2003 pamene a Médecins Sans Frontières pamodzi ndi chipatala cha boma anayamba kugaŵa ma ARV kwaulere.

Zonsezi sindinathe kuwafotokozera mayi aja pakhomo pa tchalitchi. Ndinangowapempha kuti ayambe akayezetsa magazi ku chipatala cha boma, ndi kuti ndalama anapatulayo agule mtedza ndi usipa. Anandiyang'ana kwa kanthaŵi, namanga chitenje chawo, nati: “Ndamva, bambo. Koma akakandipatsa mapiritsi okha, ndidzabweranso kudzakufunsani.”