Udindo wa Namwino ndi Chinsinsi cha Wodwala m'Dera la Fodya

Ntchito ya unamwino ndi uzamba muno m'Malawi imayendetsedwa ndi bungwe la Nurses and Midwives Council of Malawi, lomwe linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966 ndipo likugwira ntchito potsata lamulo la m'chaka cha 1995. Palibe amene angadzitche namwino dzina lake lisanalembedwe m'kaundula wa bungweli, kaya akugwira ntchito pachipatala cha boma cha Kasungu kapena pazipatala za CHAM monga Nkhamenya ndi St. Andrew's ku Mtunthama. Bungwe lomweli lili ndi mphamvu yofufuza madandaulo ndiponso kulanda chiphaso.

Maudindo ena a namwino tonse timawadziwa: kupereka mankhwala pa muyeso ndi nthawi yake, kulemba zoona m'buku la wodwala, kupempha chilolezo asanamgwire, kumtumiza kwa dotolo matenda akaposa zimene anaphunzira. Koma kuno kwathu, kumene ambiri amadya thukuta lawo m'minda ya fodya, maudindo awiri ndiwo amayesedwa kwambiri.

Woyamba ndi kusamalira odwala mosayang'ana nkhope. Ngakhale lamulo la m'chaka cha 2021 linathetsa utenanti, m'maesiteti mukadali mabanja ochokera kutali, opanda abale pafupi, amene amafika pachipatala mochedwa ndiponso atavala zakumunda. Wotereyu kumukalipira n'kosavuta, poti alibe womuyankhulira. Komatu matenda ake amafuna khutu loleza mtima. Wothyola fodya wonyowa ndi mame amalowedwa chikonga kudzera pakhungu, ndipo amamva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, zizindikiro zofanana ndi za malungo. Lipoti la Plan International la m'chaka cha 2009, lomwe linakhudzanso ana a ku Kasungu, linasonyeza kuti ana ogwira ntchito m'fodya amadwala motere. Namwino wosafunsa ntchito imene munthu amagwira angamubweze kumunda komweko ndi panado chabe. Wodwalayo akakhala mwana, namwino ali ndi udindo wina wodziwitsa a zachitukuko cha ana.

Wachiwiri ndi chinsinsi. Kawirikawiri mwini munda ndiye amabweretsa wantchito wake pagalimoto, nthawi zina n'kumulipirira bilu. Potero amaganiza kuti wagula ufulu wofunsa chimene chapezeka m'magazi. Ayi ndithu. Zotsatira za HIV, za chifuwa chachikulu kapena za pakati n'za wodwala mwini, ndipo mawu amodzi otayika pakhonde la chipatala akhoza kuchotsetsa munthu ntchito fodya asanapite ku okushoni. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2491, amaphunzitsa kuti zinsinsi za pantchito ziyenera kusungidwa, kupatula pamene kusunga kungadzetse choipa chachikulu chosapeweka mwa njira ina. Tinene mosabisa kuti lamuloli limamanganso ife ansembe, akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati. Kufunsa namwino wa m'parishi mwathu matenda a mkhristu wina, ngakhale n'cholinga choti timupempherere, ndi kumuika pamayesero. Tifunse wodwalayo; akafuna adzatiuza yekha.

Sitinganene za udindo osatchula katundu amene anamwino asenza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 ambiri anapita kukagwira ntchito ku Britain, monga achitira anzawo a ku Philippines, mpaka boma ndi mabungwe othandiza anawonjezera malipiro ndi 52 peresenti m'chaka cha 2005 pofuna kuwasunga. Otsala amagwira usiku wonse, mmodzi pawodi yodzaza. Kutopa kumafotokoza chifukwa chake mawu aukali amatuluka, koma sikuchotsa mlandu wake, ndipo kulandira ndalama yam'mbali kuti wina adumphe mzere ndi katangale basi.

Amene wachitiridwa zosayenera ayambe kwa mkulu wa anamwino pawodipo kapena kwa wolandira madandaulo pachipatalapo. Nkhani ikakula, alembere bungwe la anamwino ku Lilongwe, atatchula tsiku, nthawi ndi zimene zinachitika. Katekisiti angathandize kulemba kalatayo ngati wodandaulayo sadziwa kulemba, koma aiwerenge mokweza pamaso pake asanaitumize.